Mawaya Asanu ndi Awiri a Kalisto Kachingwe

Pa Linthipe, kuseri kwa sitolo za m'mbali mwa msewu wopita ku Lilongwe, panali kashedi ka malata akale kamene anthu ankangoti kwa a Kalisto. Mwini wake, a Kalisto Kachingwe, anali mmisiri wa njinga zamoto, ndipo dzina lakuti mmisiri latchulidwa pano mwadala. Wokonza ndi munthu amene amabwezera chinthu m'mene chinalili. A Kalisto sankabwezera kanthu. Ankatola felemu ya njinga imene inagwera m'chigwembe ku Mayani, injini ya ina imene eni ake anaitaya mtima, matayala a inanso, n'kuumba chinthu chimene fakitale iliyonse ikanachikana kuti si mwana wake, koma chimene chinkakwera zitunda za ku Lobi osatsokomola.

Anabadwira ku Lobi komweko, mwana woyamba m'banja la alimi a chimanga ndi nyemba, ndipo sukulu anailekeza Sitandade 5. Ntchito anaiphunzira pa galaja ya ku mishoni, m'manja mwa bulazala wina wachikulire amene ankasamala magalimoto a ansembe. Anakhala kumeneko zaka zisanu ndi zitatu, kenaka mu 1971 anamanga kashedi kawo pa Linthipe, n'kukwatira a Anastazia. Anali Mkatolika wosaphonya Misa, wokhala pa benchi lachitatu kuchokera kutsogolo, woimba besi mokweza kuposa m'mene nyimbo imafunira.

Chimene chinawatchukitsa sichinali injini ayi. Injini amaimva aliyense amene ali ndi makutu. A Kalisto anatchuka ndi mawaya. Njinga yochokera kunja imabwera ndi mtolo wa mawaya makumi awiri kapena kuposa, a mitundumitundu ngati mikanda, omangidwa pamodzi m'nsalu yakuda, ndipo mmodzi akaduka m'kati mwa mtolomo mwini njinga amakankha. A Kalisto mtolo wotero ankauzula wonse n'kuuponya pakona.

"Waya aliyense ndi pakamwa pena podyetsa," ankatero. "Awa anayi ndi a tinyali tothwanima pokhota. Ku Lobi mukuthwanimira ndani? Mbuzi? Kwezani mkono, Mulungu anakupatsani iwiri."

Kapangidwe kawo kanali kotere. Ankagoneka thabwa pansi, lalitali ngati njingayo, n'kukhoma msomali pamalo pa batire, wina pamalo pa kiyi, wina pa koyilo imene imapereka moto ku pulagi, ina pa nyali ya kutsogolo, ya kumbuyo ndi pa hutala. Asanadule waya ndi mmodzi yemwe, ankayamba azungulitsa ulusi wosokera matumba kuchoka pa msomali uwu kufika pa uwo, n'kukauyesa pa njinga yeniyeniyo, akukhotetsa chiwongolero uku ndi uku kuti aone pamene pakukoka. Ulusi ukakhala bwino ndi pamene ankadula waya. Nsonga ankazilumikiza ndi mtovu, chitsulo chake chotenthetsera pa mbaula, ndipo mtolo wonse ankaukulunga ndi malegeni odula ku chubu chakale, mothina ngati akumanga bala. Ukatha unkakhala wa mawaya asanu ndi awiri basi, woti mlimi atha kuutsata ndi chala kuchoka ku batire mpaka ku nyali.

Pa mfundo imeneyi a Kalisto anali olondola, ndipo amene akufuna kutsutsa ayambe wakankhapo njinga yakufa pa chitunda cha matope m'mwezi wa Febuluwale. Chinthu chimene mwini wake sangachimvetse si chake, wangobwereka. Kuchepetsa ndi nzeru. Vuto la nzeru imeneyi n'lakuti ilibe poimira: wochotsa chinthu chakhumi n'kuona kuti njinga ikuyendabe amayamba kuyang'ana chakhumi ndi chimodzi.

Chakhumi ndi chimodzi cha a Kalisto chinali fyuzi. Ndi kagalasi kakang'ono ngati chala cha khanda, kokhala ndi kawaya kopyapyala m'kati, kamene kamaikidwa pa waya wochoka ku batire. Moto wa magetsi ukasochera, kawayako kamasungunuka koyamba, zonse n'kuzima, njinga n'kupulumuka. Bulazala uja anawaphunzitsa zimenezi sabata yoyamba. Koma m'zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inasokoneza njira za katundu, mafyuzi anasowa m'sitolo, ndipo a Kalisto anaona kuti fyuzi ikapsa eni njinga amangolowetsapo msomali kapena chipepala chonyezimira cha m'paketi ya ndudu. Anadzifunsa kuti, ngati fyuzi iliyonse imathera kukhala msomali, n'kuiikirapo chiyani? Funsolo linali ndi theka la choonadi, ndipo theka la choonadi limakoma kuposa bodza chifukwa silikwiyitsa chikumbumtima. Theka linalo n'lakuti mawaya asanu ndi awiri opanda chotupa pakati ankaoneka bwino, ndipo a Kalisto ankakonda kuyamikiridwa.

Mlongo wawo, a Monika, anakwatiwa ndi a Gerevazio, katekisiti wa tchalitchi china cha kunthambi, kupitirira Lobi. A Gerevazio anali munthu wamtali, woseka ndi mapewa, woyendera midzi isanu ndi inayi pa njinga yakapalasa yopanda mabuleki. Tchimo lawo lodziwika linali limodzi: fodya wa chingambwe, amene ankamupichira m'khoko la chimanga paliponse pamene aima. Awiriwa ankanyozana monga amachitira munthu ndi mlamu wake, ndipo ankakondana kwambiri. Mu 1983 a Kalisto anaganiza zowapangira njinga yamoto, ndipo anaigwira miyezi inayi.

Tsiku loitenga a Gerevazio anafika m'mawa, ntchito isanathe. Waya wochoka ku batire kupita ku kiyi anayenera kudutsa pa bowo limene a Kalisto anaboola m'felemu, pansi pa chishalo. Milomo ya bowo lotero imakhala yakuthwa, ndipo mmisiri aliyense amaiveka kampira kuti isadye waya. Kampirako kanali kale pa benchi, kodulidwa.

"Alamu, ndiye chilombo chija n'chimenechi?" anatero a Gerevazio akuizungulira. "Mutu wa ng'ombe, miyendo ya galu. Ndichibatize kaye kapena?"

"Batizani anthu, zitsulo tisiyireni ife. Inu kukwera kwake mukudziwa? Si bulu ameneyu."

"Amene anakwanitsa kukhala ndi mlongo wanu zaka khumi ndi zisanu angalephere ichi?"

"Ndikamuuza."

"Mukamuuze, nayenso amadziwa. Nanga mawaya ake ali kuti? Ya bambo mfumu ku parishi ili ndi matumbo ngati a mbuzi."

"Werengani," anatero a Kalisto, akunyamula chishalo. "Asanu ndi awiri. Ya bambo mfumu inapangidwa ndi anthu amantha."

A Gerevazio anali ataigwira kale, akuiponda kuti ilire. Inalira koyamba komweko, ndipo anthu a pamsika anabwera kudzaonerera. A Kalisto anayang'ana kampira kaja pa benchi. Kuika kampirako kukanafuna kumasula waya, kuzimitsa injini ndi kuuza khamu lonselo kuti ntchito sinathe. Anati m'mtima mwawo adzakaika tsiku limene alamu adzabwere kudzasintha oyilo. Anatseka chishalo.

A Gerevazio anabwera kudzasintha oyilo kawiri. Maulendo onse awiri anacheza, anaseka, ndipo chishalo sichinatsegulidwe.

Kuti zimene zinatsatira zimveke, pafunika kudziwa za buku limodzi. Masiku amenewo munthu wamkulu wofuna ubatizo ankalowa kalasi zaka zinayi, ndipo katekisiti ankasunga buku m'mene ankalemba dzina la aliyense, masiku amene wabwera, amene wajomba, ndi mayeso amene wakhoza. Pasaka ikayandikira bukulo linkapita ku parishi kuti bambo mfumu aone oyenera kubatizidwa. M'buku la a Gerevazio munali anthu makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu amene zaka zawo zinakwana mu 1984. Ena anali nkhalamba zimene zinkayenda mtunda wautali mlungu uliwonse. Ena ankadikira ubatizowo kuti adalitse ukwati.

Kutatsala milungu itatu kuti Pasaka ifike, a Gerevazio anakulunga bukulo m'thumba la chiguduli, n'kulimanga ndi legeni kumbuyo kwa chishalo, nanyamuka dzuwa litangokwera. Pa mlatho wina anaima, napichira fodya wawo, ali chikhalire pa njinga, ndipo amayi amene ankachapa pamtsinje anawaona n'kuwapatsa moni. Atayenda pang'ono kuchoka pamenepo anamva kutentha ku ntchafu. Potembenuka anaona chiguduli chikuyaka. Anadumpha, nayesa kumasula legeni ndi manja, koma mpira unali utasungunuka n'kuwamatirira m'zikhatho, ndipo moto utafika pa paipi ya petulo anthu anachita kuwakoka. Buku linapsa lonse.

Chotsala cha njingayo chinafika pa Linthipe pa ngolo patapita masiku anayi. A Kalisto anadikira mwini ngolo achoke. Sanafufuze nthawi yaitali, chifukwa ankadziwa poyang'ana. Pa bowo lija waya anali atadyeka mbali imodzi, ndipo mkuwa wake unasungunuka n'kuumbika kambulu kakang'ono, komatirira pa mlomo wa felemu. Moto wa fodya supanga kambulu kotero, ngakhale wa petulo sungatero. Ndi magetsi okha, pamene waya wamaliseche wakhudza chitsulo ndipo palibe fyuzi yoti ife m'malo mwake. Msewu wa ku Lobi unagwedeza waya uja miyezi isanu mpaka bowo linamaliza kumudya.

 Kenaka anatenga pulayala, nadula chidutswacho, napala mlomo wa bowo ndi tupa mpaka kuyera, ndipo madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anakachiponya mumtsinje wa Linthipe.

Loweruka anapita ku Lobi kukazonda wodwala. Anawapeza a Gerevazio pakhonde, manja onse awiri ali m'mabandeji.

"Alamu, ndakuphererani mwana wanu," anatero a Gerevazio, ndipo mapewa aja sanagwedezeke. "Miyezi inayi ya thukuta lanu, ine n'kuitentha ndi khoko la chimanga."

"Mukutsimikiza kuti ndi fodya?"

"Nanga n'chiyani? Ndinakunkhumula phulusa chakumbuyo, ndikukumbuka bwino. Kamoto kanagwera m'chiguduli."

"Ndakhala ndikunena ine," anatero a Monika ali pakhomo, mwana ali kumsana. "Zaka zonsezi ndikunena kuti chingambwe chimenechi chidzatilowetsa m'mavuto. Achimwene, inu mwaiona njingayo. Panali china cholakwika?"

Funsolo linali lolunjika, lofunsidwa masana, ndi mlongo wawo. A Kalisto anayang'ana bwalo.

"Yapseratu, chemwali," anatero. "Munthu sungaone kanthu."

Pali amene anganene kuti nthawi ndiyo inali yoipa: kuti zinali zaka zimene munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, zimene aliyense anaphunzira kuyeza mawu asanawatulutse, ndipo kukhala chete kunasanduka chizolowezi cha dziko lonse. Chodzikhululukira chimenechi n'chokongola, koma sichikugwira. Palibe akanawamanga a Kalisto chifukwa cha kampira. Chimene ankaopa chinali chaching'ono kuposa ndende: kuti pa Linthipe pamveke kuti njinga za a Kachingwe zimayaka.

Bambo mfumu, wansembe wa kuno komwe, wochepa mawu ndi wosakonda kupinda lamulo, analamula kuti popanda buku ubatizo udikire chaka china. Anthu aja analira, ena anakwiya, ena angapo sanabwererenso ku kalasi. Komiti ya tchalitchi, imene wapampando wake anali a Alufeo, inakhala pansi, inamva umboni wa amayi a pamlatho, ndipo a Gerevazio sanakane kanthu. Anaimitsidwa ntchito chaka chimodzi, kuti chikatha komiti idzaonenso. Anatuluka m'nyumba ya katekisiti n'kubwerera kumudzi kwa akazi awo, kukakhala mkamwini pa kamunda ka m'mbali mwa phiri. Fodya anamusiya tsiku lomwelo. Ana a m'mudzimo anawapatsa dzina lakuti a Chingambwe, ndipo ankalitchula akadutsa.

Apa ndi pamene a Kalisto anapeza nzeru imene ingabwere m'mutu mwa Mkatolika yekha. Anaganiza kuti amene ali ndi mphamvu yobwezera a Gerevazio pa ntchito ndi bambo mfumu. Kuti bambo mfumu akadziwa zoona adzawabwezera. Ndipo kuti pali malo amodzi pa dziko lapansi pamene munthu angauze wansembe chinthu popanda Linthipe kumva. Anakwera njinga, napita ku parishi Loweruka masana, nagwada m'kachipinda kolapira.

Ananena zonse: fyuzi, bowo, kampira, tupa, mtsinje. Atatha anamva thupi kupepuka, ndipo anawonjezera kuti, "Ndiye poti mwadziwa, Bambo, alamu aja muwaganizire."



"Ndadziwa chiyani?" anafunsa wansembeyo.

"Zimene ndanenazi, Bambo."

"Mwauza Mulungu. Ine ndikatuluka muno sindikudziwa kanthu. Sindingazinene, sindingazigwiritse ntchito, sindingasinthe ngakhale m'mene ndimapatsira moni a Gerevazio. Munaphunzira katekisimu inu, simukudziwa zimenezi?"

A Kalisto ankadziwa. Ndi chifukwa chake anasankha malowo. Chimene sanaganize n'chakuti khomo limene limatsekera Linthipe kunja limatsekeranso a Gerevazio.

"Nanga ndichite chiyani?"

"Mwabera munthu mbiri yake. Chobedwa chimabwezedwa kumene chinatengedwa. Ofesi yanga ili apo, masitepe khumi kuchoka pano. Mukagogoda n'kunena zomwezi nditakhala pa mpando, ndidzakhala ndazimva. Kapena mukauze komiti. Sindingakukokereni kumeneko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anatuluka, nachita malipiro amene anapatsidwa, naima pabwalo akuyang'ana chitseko cha ofesi. Chinali chobiriwira, chotsekula pang'ono. Anaganiza kuti kulowa tsiku lomwelo kungaoneke ngati chibwana. Anati abwera mlungu wamawa.

Chaka chimenecho a Kalisto anakhala mlamu wabwino kuposa alamu onse a m'boma la Dedza. Anatumiza feteleza ku Lobi. Anakafolera nyumba ya a Monika ndi malata. Anakonzera a Gerevazio njinga yakapalasa, ya mabuleki mbali zonse. Mphatso iliyonse a Gerevazio ankailandira ndi manja awiri a zipsera, n'kunena kuti, "Ine ndinakuwonongerani, inu mukundimangira. Anthu ngati inu ndi ochepa." Mawu amenewa ankawatsata a Kalisto njira yonse yobwerera. Pa ntchito anayamba kuika fyuzi m'njinga iliyonse, kufika pokazifuna ku Lilongwe, ndipo njinga zakale zimene anapanga ankaziitanitsa ponamizira kuti akufuna kuona mabuleki. Amene ankafunsa za kagalasi katsopanoko ankauzidwa kuti ndi fasho. Ku Misa anasamuka pa benchi lachitatu n'kumakhala kumbuyo, ndipo besi ija inazilala. A Anastazia ankaganiza kuti ndi chifuwa.

Zonsezi zinali zabwino, ndipo zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa chiganizo chimodzi. Mlandu suola. Chaka chinatha, anthu a kalasi amene anapirira anabatizidwa, ndipo komiti inaitanitsa msonkhano Lamulungu lina pambuyo pa Misa, kuti igamule: a Gerevazio abwerere, kapena ntchito ipatsidwe kwa a Yohana, bambo wa ana anayi amene ankagwirizira. A Kalisto, monga nkhoswe ya banjalo, analoledwa kulankhula. Ananyamuka pa Linthipe atatsimikiza mtima. Mawu anawakonza njira yonse: moto uja sunali wa fodya, unali wa waya wanga.

M'tchalitchimo munali anthu ngati makumi anayi. Bambo mfumu anakhala pambali, manja ali pa mawondo. A Alufeo atawapatsa mpata, a Kalisto anaimirira, nayang'ana nkhope zija, ndipo pakati pake anaona amuna atatu amene ankayendera njinga za m'manja mwawo.

"A wapampando, Bambo, ndi inu nonse," anayamba. "Ndani mwa ife amene sanalakwepo?"

Analankhula bwino kwambiri. Anakumbutsa anthu za maliro amene a Gerevazio anayendetsa pa mvula, za odwala amene anawayendera, za manja amene anapsa pofuna kupulumutsa buku. Anati munthu amene wavomera kulakwa kwake n'kusiya fodya ndi woyenera chifundo. Amayi ena anapukuta misozi. Anali atakhala kale pansi pamene anazindikira chimene achita: mmisiri yekhayo amene anaona njinga ija waimirira pamaso pa mpingo n'kupemphera chikhululukiro wolakwa, ndipo potero watsimikiza kuti wolakwa ndi ameneyo. Anaponya maso kwa bambo mfumu. Wansembeyo ankayang'ana pawindo, nkhope yake ili ngati ya munthu amene sadziwa kanthu.

"Mawu abwino," anatero a Alufeo. "Kukhululuka takhululuka kale. Koma kukhululuka ndi kwina, kusungitsa buku ndi kwina."

Anthu anakweza manja. A Yohana anapambana ndi manja asanu.

Panja a Gerevazio anatsatira a Kalisto mpaka pa mtengo pamene anaimika njinga, nawagwira dzanja.

"Alamu, mwandilankhulira ngati mbale wanga wa bere limodzi. Musadandaule. Ndinadzitengera ndekha."

"Si fodya," anatero a Kalisto.

"Mwati?"

"Sunali fodya wanu. Ndi waya. Sindinaike fyuzi, ndipo bowo la pansi pa chishalo sindinaliveke mpira. Ndinaona pamene panayambira moto tsiku limene ngolo inafika. Ndinadula, ndinataya."

A Gerevazio sanasiye dzanja lija msanga. Analiyang'ana ngati akuwerenga zala.

"Tsiku limene ngolo inafika," anabwereza. "Ndiye pamene munabwera kudzandiona pakhonde paja, munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Ndi pamene munkatifolera malata aja."



"Ine ndimadzuka m'mawa uliwonse n'kutchula maina a anthu amene anasiya kalasi chifukwa cha ine," anatero a Gerevazio, mawu ali pansipansi. "Alipo asanu ndi anayi. Ndikuuzeni maina awo?" Anasiya dzanja, naloza tchalitchi ndi chibwano. "Anthu sanabalalike. Musandiuze ine. Kaneneni m'menemo."

A Kalisto anabwerera. Ena anali atatuluka kale, a Alufeo akumanga mapepala, bambo mfumu akuvala chipewa. Ananena ataimirira pakhomo, mopanda luso, mawu akuphonyana, ndipo anachita kubwereza chifukwa a kumbuyo sanamve. Bambo mfumu anavula chipewa chija, nakhalanso pansi, nafunsa mafunso atatu ngati munthu amene akumva nkhaniyo koyamba.

Koma manja anali atakwezedwa kale. A Yohana anali atagwiridwa chanza, akazi awo atalulutira. A Alufeo anati sangavule munthu ntchito imene wavekedwa ola lomwelo popanda cholakwa chake, ndipo bambo mfumu anavomereza. Chimene chinatheka n'chakuti Lamulungu lotsatira chilengezo chinawerengedwa m'matchalitchi onse a kunthambi, chonena kuti buku la kalasi silinapse chifukwa cha kusasamala kwa a Gerevazio. Ana anapitiriza kuwatchula a Chingambwe, chifukwa ana samvera zilengezo.

A Monika anabwera okha pa Linthipe Lachitatu, wapansi kuchokera pokwerera basi, ndipo sanakhale pa mpando umene anapatsidwa.

"Ndinakufunsani, achimwene. Ndinakufunsani pamaso pa mwamuna wanga, manja ake akutuluka madzi. Ine chaka chathunthu ndakhala ndikumudyetsa mawu m'nyumba, kuti fodya wako watisaukitsa. Mawu amenewo ndikawatola kuti?"

"Ndinaopa, chemwali."

"Munaopa chiyani?"

"Kuti anthu asiya kubwera."

A Monika anayang'ana m'shedimo. Munali njinga zinayi zodikira.

Ichi ndiye chimene a Kalisto sanachiyembekezere, ndipo chinawapweteka kuposa chilango. Anthu sanasiye kubwera. Nkhani inayenda pa Linthipe milungu iwiri, ena anaseka, mmodzi anafunsa ngati yake ili ndi kagalasi kaja, kenaka inazilala. Pakati pa Dedza ndi Lilongwe panalibe wina wodziwa mawaya ngati iwo, ndipo munthu amene njinga yake yafa safunsa za chikumbumtima cha mmisiri. Ena anafika powayamikira kuti ndi munthu woona, wovomera pagulu. Chimene anachiteteza powononga chaka chathunthu cha moyo wa mnzawo sichinali pa ngozi n'komwe.

A Gerevazio sanabwererenso pa ukatekisiti. Anakhala mlimi wa mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo pa tsiku la msika ankatsika nazo ku Linthipe pa ngolo ya mnansi wawo. Ngoloyo inkadutsa kutsogolo kwa kashedi kaja. A Kalisto akamva mabelu a ng'ombe ankasiya chimene akugwira, n'kupukuta manja, n'kuima pakhomo.

"Mwadzuka bwanji, a Kachingwe?" ankatero a Gerevazio, mwaulemu wonse, atagwira chipewa.

"Ndadzuka, alamu. Kaya inu? Tsikani mumwe tiyi."

"Zikomo, tachedwa. Kabichi safuna dzuwa."

Ndipo ngolo inkapitirira kumsika.